Mawu a Nikodemo M'chipinda Chokhoma

Silvesta ankatsekera mbuzi m'khola dzuwa likulowa, dothi la kumanda likadali m'zikhadabo. Mayi ake, a Nester, anali atawaika masana omwewo. Kwaya sinabwere. Thupi linagona kwa amalume ake, a Simoni, poti panalibe wofuna kuponda m'nyumba ya malemuyo. Iye anafika kuchokera ku Limbe, komwe amasenza katundu, bokosi atalikhomera kale.

Akumanga chitseko cha khola anamva munthu akutsokomola m'nyumbamo. Chinali chifuwa cha mwamuna. Kenako mawu anatuluka, otsika ngati ochokera m'dzenje: "Silvesta."

Anali mawu a bambo ake, a Nikodemo, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo.

Kumanda anthu anali atamunong'oneza zonse. Akuti kwa miyezi isanu ndi iwiri m'nyumbamo munkamveka mwamuna, chikhalirecho a Nester ankakhala okha, poti mwana wawo wamkazi Maluwa, wa zaka khumi ndi zisanu, ankati ali kwa azakhali ku Milepa. Akuti zovala zimene ankachapa pamjigo zinkanunkha thukuta lachimuna. Akuti mlungu uliwonse ankagula malezala. Khanda la kwa a Deborah litamwalira, nkhalamba ina n'kugwa m'munda wa nandolo, mudzi unagamula kuti mayiyo anadzutsa mwamuna wake kumanda, wamusandutsa ndondocha, ndipo akumudyetsa anthu. Anawauza kuti atsegule chipinda. Anakana. Lachiwiri anawagenda pamjigo. Lachinayi anatsirizika.

Kiyi wa chipindacho Silvesta anapatsidwa ndi amayi osambitsa maliro, atamupeza pachingwe m'chiuno mwa malemu. Anatsegula.

Fungo la thukuta ndi mkodzo linamuwomba kumaso. Pamphasa, pakati pa makoko a mtedza, panakhala munthu wamapewa otambasuka, nkhope yodzaza ziphuphu, ndevu zitamera kuchibwano. Anavala diresi ya sukulu yong'ambika m'khwapa.

"Achimwene, ndine."

"Maluwa?"

"Amayi anati ndisatuluke, anthu angandiseke. Ndamva anthu akulira kwa amalume. Aika ndani?"

Silvesta anakhala pansi. Maluwa anaona dothi m'zikhadabo za mchimwene wake n'kuzindikira. Analira ndi mawu a bambo awo.

Atatonthola anasolola pepala pansi pa mphasa. Mayi awo anali atapita naye kuchipatala cha mishoni atamufunditsa chitenje mpaka kumaso, msambo utasiya ndevu zitayamba. Adokotala anamuunika m'mimba n'kupeza chotupa pakachiwalo kakang'ono kokhala pamwamba pa impso. Chotupacho chinkathira timadzi tachimuna m'magazi. Anati chichotsedwe ku Blantyre chisanafalikire. Silvesta analekeza sitandade sikisi, koma tsiku lolembedwa papepalapo analiwerenga: Lolemba lotsatira.

Panja panamveka mapazi ambiri, udzu wouma ukukhwekhwerezeka, ndi fungo la palafini.

"Silvesta, tuluka," anatero a Simoni. "Nyumbayi ikupsa ndi chimene chilimo."

Anatuluka n'kuima pakhomo. Anali anthu ngati makumi atatu, ambiri a mphakati umodzi ndi mayi ake, makorona m'khosi.

"Amalume, mwinimbumba ndinu. Mlongo wanu akugendedwa munaima pati?"

"Silvesta, tinamupempha atsegule."

"Ndafunsa kuti munaima pati."

"Anaima kutsogolo," anatero mnyamata wina kumbuyo. Ena anamukhazika chete.

"Mwabwera kudzaona ndondocha? Ionenitu kukadali kowala. Maluwa, bwera."

Mtsikanayo anatuluka akutsamira khoma, miyendo itazolowera mphasa. Amayi angapo anabwerera chambuyo. Botolo la palafini linagwa.

"Mwaswera bwanji a Deborah," anatero Maluwa. "Ndine amene munandiimira paubatizo."

A Deborah anadziphimba kukamwa. "Mawu a malemu enieni. Mwanayu walodzedwa."

"Ali ndi chotupa," anatero Silvesta, akukweza pepala lija. "Alemba pano. Ine wosaphunzira ndawerenga. Aphunzitsi Justice, bwerani muwawerengere anzanu amene munagenda nawo."

A Justice anayang'ana nsapato zawo.

"Amayi anasankha miyala yanu kuposa kuti mumuseke mwana wawo. Sekani tsopano. Bwanji? Pamjigo pakamwa panu simunatseke."

Palibe anaseka. Silvesta anatulutsa njinga ya bambo ake, n'kumukweza Maluwa pakaliyala. A Deborah anamasula chitenje chapamwamba n'kuchitambasula.

"Afunde kumaso, kunjiraku kuli anthu."

"Ayi," anatero Maluwa. "Ndafunda mokwana."

Silvesta anakankha njinga kulunjika pakati pa gululo, njira ya ku Namitambo, kokwerera galimoto za ku Blantyre. Anthu anapatuka. Atafika pa a Simoni anaima.

"Nyumbayo tenthani ngati mukufuna, mulibemo kanthu. Uyu ndikubwera naye atachira. Azidzatunga pamjigo womwewo, ndipo m'mawa uliwonse azidzakupatsani moni mmodzimmodzi. Muzidzayankha."