Mipini ya Eni Ake

Nyumba ya a Shadrick Chavula ku Chiputula, mu Mzuzu, inali yaing'ono, koma munthu ukalowamo mtima unkakhala pansi. M'mawa uliwonse, kaya kuzizire bwanji, ankayamba ndi pemphero, kenako bambo ankakwera njinga kupita ku bwalo la gofu kumene ankagwira ntchito. Akazi awo, a Esme NyaLongwe a ku Nkhata Bay, ankatsala akusoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Ine ndinali mphunzitsi wa Sande sukulu wa mwana wawo Wiza. Nkhani iyi ndaifotokozera achinyamata kambirimbiri mpaka pakamwa panga panatopa, koma ndiifotokozabe, poti omva ndi ochepa.

Ntchito ya a Chavula inali yosunga chipinda chimene osewera gofu ankasiyamo zikwama zawo za ndodo. Ndodo zimenezi n'zodula, koma eni ake ankangozisiya n'kupita ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko osacheuka n'komwe. Kiyi wa chipindacho anali mmodzi, ndipo ankakhala ndi a Chavula. Bambowa analibe galimoto, analibe ng'ombe kumudzi. Chimene anali nacho ndi dzina loti Chavula sakhudza cha mwini, ndipo dzina limenelo ndilo linkadyetsa banja lonse.

Wiza anakulira pa udzu wa bwalolo. Pomaliza Folomu 4 n'kuti akumenya mpira moti akuluakulu ankaima kumuonerera. Bwana wina amene ankasamuka mu Mzuzu anamusiyira ndodo zake zakale, ndipo tsiku limenelo Wiza anagona nazo pambali ngati khanda.

Kwa inu amene simunaigwirepo, ndodo ya gofu ili ngati khasu: ili ndi mutu, ili ndi mpini. Mpiniwo, umene osewera amati shafuti, amaulowetsa m'mutu n'kuumata ndi guluu wake wapadera. Ina ndi yolimba, ina yofewa, ina yaitali, ina yaifupi. Kudziwa zimenezi si tchimo. Tchimo linabwera pa khomo lina.

Kunachitika mpikisano wa achinyamata, ndipo Wiza analuza. Mpira wake unkangokhotera kumanja n'kukagwera m'mitengo ya paini. Anafika kunyumba atakwinya nkhope, n'kunena kuti mpini wa ndodo yake yaikulu ndi wofewa kwambiri, ndiwo wamuluzitsa.

"Ine ndinalipo, mwana wane," anatero a Chavula. "Ndodo sinalakwe kanthu. Ukuthamanga, ndipo ukudzutsa mutu mpira usanachoke. Uzidzuka m'mamawa, uzikamenya mpaka manja azolowere."

Koma m'mamawa wa Mzuzu mumaudziwa, mame ake ndi mphepo yake. Wiza anaona kuti bulangeti ndi labwino kuposa malangizo. Ankakhala pabedi ndi foni, kuonera mavidiyo a anthu akunja osintha mipini, ndipo aliyense wa iwo ankamuuza zimene khutu lake linkafuna: vuto si iwe, ndi ndodo.

Kuseri kwa nyumba kunasanduka shapu. Anabwereka sowo n'kudula mpini pang'ono kuti ulimbe. Mpira unakhoterabe kumanja. Anamata tizitsulo kumutu kuti ulemere, anakulunga chogwirira ndi mphira ya chubu cha njinga, anadulanso. Mbaula ya amayi ake inkasowa nthawi yophika chifukwa iye anali akuwotcherapo mutu wa ndodo kuti guluu asungunuke. Kubwalo ankangopita kukayesa, amenye mipira ingapo, apukuse mutu, abwerere kukadula. Ndodo yabwinobwino ija inafupika mpaka inayamba kuoneka ngati ya mwana.

Amayi ake analankhula mpaka anatopa. Bambo ake analankhula kawirikawiri, kenako anangosiya, n'kunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Apa m'pamene Jasper analowera. Jasper anali mnyamata wa ku Ching'ambo wogulitsa chilichonse chimene chagwera m'manja mwake, lero mafoni, mawa nsapato, ndipo sankafunsa kuti zachokera kuti. Tsiku lina anapeza Wiza akudandaula kunja kwa mpanda wa bwalo, ndipo anaseka.

"Aise, iwe ndiwe wodabwitsa chomene. Ukufa ndi ludzu uli m'madzi. M'chipinda cha adada ako muli mashafuti abwino angati? Mabwana ena sanabwere chaka chino chiyambire."

"Kumeneko ndi kuba."

"Yayi, ndani wati ube? Ukungoyesa. Uzule wawo, uikemo wako, uone ngati ukukuyanja. Ukapeza woyenera ubweza enawo. Mbala imabweza?"

Wiza anakana tsiku limenelo. Anakananso mawa lake, koma mawu anali ofewa. Atafunsa kuti mlonda adzamulola bwanji kulowa, Jasper anadziwa kuti nsomba yadya nyambo.

Lolemba linali tsiku lopuma la a Chavula, ndipo ankalithera ku dimba lawo la masamba. Kiyi ankatsala m'thumba la jekete kuseri kwa chitseko. Wiza anamutenga, n'kupita ku geti kumene kunali mlonda wokalamba, a Zikani, amene anamudziwa kuyambira ali wakhanda.

"Monire adada. Adada andituma ndikapukute ndodo za mabwana."

"Yewo, mwana wane, lowa. Ukawapatse moni."

Zinangotero basi. Panalibe kuthyola loko, panalibe kudumpha mpanda. Dzina la bambo ake ndilo linatsegula geti. Anasankha ndodo yaikulu ya a Ian Luhanga, bambo wa sitolo ya zipangizo zomangira amene anali kunja kwa dziko, n'kutuluka nayo ataikulunga m'thumba. Kwa Jasper anaiwotcha pa mbaula, anazula mpini wonyezimira uja, n'kulowetsamo wake wodulidwadulidwa. Guluu weniweni analibe, choncho anamata ndi guluu wa nsapato wa pamsika, n'kukulunga tepi yakuda polumikizirapo. Dzuwa lisanapendeke ndodo inali itabwerera m'chikwama, kiyi ali m'jekete.

Mpini wa a Luhanga unali wabwino zedi. Mpira unakhotera kumanja.

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo n'kuzindikira kuti adada ananena zoona. Koma ulesi uli ndi zifukwa zambiri kuposa loya. Wiza anati mpiniwo watalika, n'kuudula. Ataudula panalibenso zobweza. Lolemba lotsatira anali pa geti, mawu ake omwe aja, ndipo a Zikani anatsegula. Zinapitirira choncho mvula yonse. Mpini wina walemera, wina wapepuka, wina ukunjenjemera m'manja. Umene wamukanika Jasper ankautenga, n'kumupatsa mipini yakutha yoti azitsekera m'zikwama za eni. Zobweza zija palibe anazitchulanso.

Kutchalitchi Wiza ankabwerabe, ankaimba nawo kwaya. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake sankandiyang'ananso m'maso, iye n'kuti ndi chimfine.

A NyaLongwe posesa anapeza mipini pansi pa bedi lake. Anamudikira pakhonde, makina osokera atawaimitsa.

"Izi zachokera kuti?"

"Wandibwereka Jasper, amama."

"Jasper anayamba liti kukhala ndi zinthu zake?" Anamuyang'ana kwa nthawi yaitali. "Wiza, ine ndatopa nawe. Koma udziwe kuti ngati pali chimene ukubisa, sudzachisenza ndiwe. Adzachisenza adada ako, amene sakudziwa kanthu."

Wiza analumbira kuti palibe. Amayi ake anafuna kumukhulupirira, ndipo sanawauze kanthu amuna awo.

Mvula itatha kunabwera mpikisano waukulu, wa akuluakulu ndi achinyamata pamodzi. Anthu anadzaza poyambira kumenya mpira. A Chavula anali atavala shati yawo yoyera, akutulutsa zikwama n'kumaperekera eni ake. A Luhanga anali atangobwera kumene kuchokera kunja, ndipo anafika mochedwa, dzina lawo likuitanidwa kale. A Chavula anawanyamulira chikwama mpaka poyambira, n'kuima chapatsogolo pang'ono, cham'mbali, kuti awaonere kumene mpira ukagwere.

Wiza anali pamzere wa osewera, pafupi kwambiri moti anamva a Luhanga akung'ung'udza atasolola ndodo ija. Ankati bwanji ikuoneka yaifupi, nanga tepi iyi yabwera liti. Anthu kumbuyo ankawafulumizitsa mwanthabwala kuti ukalamba ndiwo wawatalikitsa manja. Wiza anaona tepi itayamba kumatuka. Ankadziwa guluu amene anali mkatimo. Akanangoti "Bwana, dikirani," nkhani ikanathera pa manyazi. Anayang'ana pansi, n'kutseka pakamwa.

A Luhanga anakweza ndodo n'kumenya ndi mphamvu zawo zonse. Mutu unazuka pa mpini, n'kuuluka cham'mbali, n'kukamenya a Chavula pa diso lamanzere. Bambo aja anangokhala pansi pa udzu osakuwa, manja ali kumaso, shati yoyera ija ikufiira.

Kuchipatala anati disolo silidzaonanso. Koma ine ndikuti diso silinali bala lalikulu pa tsikuli. Galimoto itangonyamuka nawo, osewera anayamba kutsegula zikwama zawo, ndipo wina ndi wina ankapeza tepi yakuda ndi mpini wosakhala wake. Anaitana mlonda. A Zikani, misozi ili m'maso, ananena zimene ankadziwa: mnyamata ankabwera Lolemba ndi kiyi, ankati bambo ake amutuma. Pofika madzulo Mzuzu yense anali atamva kuti Chavula uja, woyerayera uja, ankatuma mwana wake kukaba.

Akuluakulu a kalabu ya gofu anapita kuchipatala, a Luhanga ali nawo. Wiza anali ataima pakona pa bedi, amayi ake atakhala pansi. A Luhanga ndiwo anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati zinali zoona kuti a Chavula ankatuma Wiza.

A Chavula anatembenuza diso lotsala lija n'kuyang'ana mwana wawo. Anadikira. Wiza anangoyang'ana pansi ngati mmene anachitira poyambira paja. Bambo anadziwa kuti akati ayi, mwana akagona kupolisi.

"Kiyi anali m'manja mwanga, mabwana," anatero. "Zotsalazo musafunse."

Kiyi anamutenga tsiku lomwelo, ndipo ntchito inathera pomwepo. Kupolisi sanapite nayo nkhaniyi, ati pomvera chisoni diso. Jasper anasowa mu Ching'ambo, ena amati ali ku Karonga.

Wiza anapirira masiku angapo osadya bwino, kenako anabwera kwa ine akulira. Ndinamuperekeza. Anamanga mipini yotsalayo ndi chingwe, n'kukaiika patsogolo pa akuluakulu a kalabu, n'kuulula zonse: kuti bambo ake sanamutumepo, kuti kiyi ankachita kuba m'jekete, kuti anaona tepi ikumatuka n'kukhala chete. Analankhula zoona zokhazokha, mwina koyamba m'chaka chimenecho. Eni mipini anaiyang'ana, yonse yodulidwa, yopanda ntchito. Ndiye bambo wina anapukusa mutu n'kunena kuti mwanayo ndi wabwino, akuyesetsa kuteteza bambo ake. Enanso anavomera. A Luhanga okha ndiwo anaoneka ngati akukhulupirira, koma munthu mmodzi sangatseke pakamwa pa tawuni.

Kutchalitchi anaululanso, ataima kutsogolo. Tinamupempherera, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu anamumva. Bambo ake anamukhululukira popanda mawu ambiri. Wiza anayamba kudzuka m'mamawa kukagwira dimba lija, poti bambo samathanso kupalasa njinga bwino ndi diso limodzi. Ndodo za gofu sanazigwirenso.

Loweruka lina ndinapita kukawaona. Tinakhala pakhonde, a Chavula pa mpando, Wiza akutsuka masamba oti apite nawo kumsika. Kunabwera a Keziya, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, chikwama pamutu, akupita ku maliro ku Rumphi. Kwa zaka zonse zimene anakhala moyandikana, akamachoka ankasiya kiyi wa nyumba yawo kwa a Chavula. Anaima pa mpanda, kiyi ali m'manja. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za diso, anati Mulungu ndi wamkulu. Kenako anapitirira, n'kukagogoda nyumba yachitatu.

Wiza anasiya kutsuka, madzi akudontha m'manja.

"Adada, ndipite ndikawauze kuti ndinali ine."

"Akudziwa kale zimene unanena, mwana wane," anatero a Chavula. "Khala pansi. Sanatilakwire."

Ananyamuka pang'onopang'ono, akupapasa khoma, n'kulowa m'nyumba.

Achinyamata inu, ndatopa kukwirira nkhani m'miyambi, choncho ndinena poyera. Chikakukanika, usathamangire kunamizira chida, yamba wadzifunsa ngati unadzuka m'mamawa. Ulesi ukausiya umabala kusirira, kusirira kumabala bodza, ndipo wokuuza kuti ukungobwereka cha mwini mwiniyo asakudziwa akukuphunzitsa kuba. Koposa zonse, usanamire dzina la kholo lako. Mulungu adzakukhululukira ukalapa, kholo lako lidzakukhululukiranso, koma amene adzayende m'tawuni anthu akumuloza chala si iwe wekha. A Chavula akadali ku Chiputula, ndipo mpaka lero palibe amawasiyira kiyi.