Mawu Obedwa a Mayi Kapalamula

Masiku amenewo mu Blantyre munalibenso munthu woyenda ndi makiyi. Chitseko chilichonse chinali ndi kamakina kotchedwa Womva, kodziwa mawu a mwini wake. Ukangoti "Ndabwera," chinkatseguka chokha. Basi, foni, ngakhale mpopi wa madzi, zonse zinkamvera mawu.

M'mawa wina Mayi Edina Kapalamula, telala wa ku Chilomoni, anafika pa shopu yawo nati, "Ndabwera." Chitseko chili duu. Anabwereza mokalipa.

"Pepani," anatero Womva, "Mayi Kapalamula alowa kale, ndipo atuluka ndi makina awo osokera."

Atasuzumira pawindo, m'kati munali mbee!

Ku kampani yopanga malokowo anawalandira ndi loboti yomwetulira nthawi zonse.

"Mumaimba kwaya, mayi?" inafunsa.

"Ndimaimba. Zikukhudzana bwanji ndi makina anga?"

"Nyimbo zanu zili pa intaneti. Akuba anazitenga, kompyuta yawo n'kuphunzira mawu anu. Tsopano imalankhula ngati inuyo."

"Ndiye agwireni!"

"Zimenezo n'za apolisi. Ife tatseka mawu anu m'dziko lonse kuti mukhale otetezeka."

"Oba ndi iwo, wotsekeredwa ndine?"

"Zikomo pomvetsa," inatero lobotiyo.

Mayi Kapalamula anagwira m'chiuno, kusowa poimenya. Kenako lobotiyo inawamata pakhosi kachipangizo konga batani kotchedwa kammero, kosintha mawu a munthu. Atayesa kulankhula, panatuluka mawu osasa ngati a bambo wodwala chimfine.

"Abwinoko palibe?"

"Anatha, mayi. Oberedwa mawu achuluka."

Zitseko zinayambanso kuwamvera, koma makasitomala oimba foni ankafunsa ngati akulankhula ndi amuna awo. Mayi Kapalamula ankangotsonya. Patapita masabata angapo anaimbira mayi awo, a Nasibeko, omwe ankakhala ku Ntcheu ndipo maso awo anasiya kuona.

"Amayi, ndine Edina."

"Edina wake uti? Mwana wanga amandiimbira tsiku lililonse. Wandichenjeza kale za akuba inu. Munda wanga ndipereka kwa iye yekha, mawa lino. Choka!"

Foni inadulidwa. Mayi Kapalamula anakwera basi tsiku lomwelo. Atafika anachotsa kammero nagwada pakhonde.

"Amayi, ndine. Amene amakuimbiraniyo ndi kompyuta ya akuba. Akufuna munda."

A Nasibeko anatambasula manja n'kupapasa nkhope ya mwana wawo, mpaka zala zinaima pa chipsera cha pachibwano.

"Ndiwedi," anatero. Kenako anabweza manja awo. "Koma uja amandifunsa ngati ndadya. Amandiimbira nyimbo za kutchalitchi. Iwe umatha mwezi uli zii."

"Amayi, ndi wakuba ameneyo!"

"Ndamva. Munda sindimupatsa."

Nthawi yomweyo foni inalira. A Nasibeko anaipapasa pamphasa n'kuyankha, ndipo munamveka mawu a Edina, okoma ngati kale: "Mwaswera bwanji, amayi anga?"

Nkhope ya mayi wokalambayo inawala.

"Umusiye amalize moni yekha," ananong'ona.

Mayi Kapalamula anakhala pansi, kammero kali m'manja, akumvetsera mawu awo omwe akusamalira mayi awo kuposa mmene iwo eni anachitirapo.