Ulesi wa Salome

Mwana wake Duwa anali atakwanitsa miyezi iwiri, koma Salome ankangokhala ndwii. Ankayamwitsa akuyang'ana khoma, tulo osabwera, chakudya osalowa. Mwamuna wake Dyson, mlonda wa pabwalo la ndege ku Chileka, ankalawira n'kumusiya ndi amayi ake, a Nellie, amene ankauza aliyense wodzaona mwana kuti mpongozi wawo ndi waulesi. Ankati iwo anabereka ana asanu ndi awiri osadandaulapo.

Tsiku la sikelo, namwino atayeza mwana anamukhazika Salome pambali. Anamufunsa ngati amagona, ngati pali chimene chimamusangalatsa, ngati pakhomo pali womuthandiza. Atafunsa ngati anaganizapo zodzipha, Salome anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Namwinoyo anati amenewa ndi matenda a nkhawa, amagwira amayi ambiri akangobereka, makamaka osowa owalimbikitsa ndi amene anapitapo padera, ndipo amachizika. Salome anali atapita padera kawiri. Anauzidwa kuti abwerenso Lachisanu ndi mwamuna wake.

Salome atafotokoza kunyumba, a Nellie anaponya lichero pansi.

"Ndiye mwakatiyalutsa kuchipatala? Mukufuna anzanga ku Mvano azinena kuti mwana wanga anakwatira wamisala?"

Salome anagwada pafupi ndi mwamuna wake, misozi ili chuchuchu. "Bambo a Duwa, tiyeni mukangomva nokha. Zimene ndimaganiza zikundiopsa."

Dyson anayang'ana amayi ake, kenako anati Lachisanu ali pantchito, komanso za m'nyumba saulula kwa anthu. A Nellie anatsomphola mwanayo, amvekere wamisala sasungitsidwa khanda, n'kulowa naye kuchipinda kwawo, chitseko phwa. Salome anatsala pakhonde akumva Duwa akulira, mkaka ukunyowetsa bulauzi. Dyson anangotuluka.

M'mawa mwake Salome anaimbira foni mkulu wake Maluwa, wogulitsa tomato pa Lirangwe. Maluwa anafika masana, analowa osaodira, n'kumasula mwana kumsana kwa a Nellie. Anawauza kuti mng'ono wake sadzafera pakhomo pawo chifukwa cha manyazi awo, n'kutenga Salome ndi mwanayo kupita nawo kwake ku Lirangwe. Lachisanu anamuperekeza yekha kuchipatala, ndipo sanasiye kutero mpaka Salome anayamba kugona ndi kudya bwino.

Dyson anatulukira ku Lirangwe Duwa atayamba kale kukwawa. Anapeza Salome akupanga milu ya tomato m'mbali mwa msewu, thupi litabwerera. Anamuuza kuti amayi amukhululukira, ndiye alongedze abwerere kunyumba.

Salome anapukuta manja pachitenje.

"Andikhululukira chiyani, kudwala? Ine ndinakugwadirani ndikufuna kufa, inu munayang'ana nkhope ya amayi anu. Mwana muzibwera kudzamuona. Koma mkazi wanu munamusiya pakhonde paja, kamufuneni komweko."

Dyson anatembenuka. Anawoloka msewu n'kukaima yekha podikirira minibasi.