Mbewu Yodzera Kuseri kwa Alifandega

Ercília anaima pakati pa dimba la amayi ake, a Domingas. Mbatatesi zimene sabata yathayo zinali zobiriwira zinali zitazyolika ngati zathiridwa madzi owira, chonsecho m'ngalande madzi anali kuyenda bwinobwino.

A Celestino, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Tsangano, anazula phando limodzi nadula mbatatesi pakati. Mkati munali mkombero wakuda, ndipo ataifinya inatulutsa timadzi toyera ngati mafinya.

"Mayi Domingas, awa ndi matenda ofotetsa aja," anatero mlangiziyo. "Amabwera ndi mbewu, kenako amayenda ndi madzi. Ngalande iyi imathirira madimba a yani kumunsiku?"

"Athu tonsefe!" anakuwa a Virgílio, amene dimba lawo linali lotsatira. Alimi ena anali ataunjikana kale m'mbali mwa ngalandeyo.

"Mbewuyi munaitenga kuti, amayi?"

"Anandibweretsera mwana wanga Adérito. Ndamuitana, ali m'njira."

Posakhalitsa njinga yamoto inaima kumtunda. Anatsika Adérito, mchimwene wake wa Ercília, atavala yunifolomu ya alifandega, ofesi yoona za katundu wodutsa pamalire a Malawi. Ndiye anafolera nyumba ya amayi ake ndi malata, ndiponso ndiye ankagulira Ercília zonse za kusukulu.

Ercília anaweramitsa mutu, pakuti ankadziwa kumene mbewuyo inachokera. Pa tchuthi anapita kumalireko kukapereka chakudya kwa achimwene akewo, ndipo anapezako lole yofiira itadzaza matumba a mbewu. Lamulo linali lakuti mbewu isalowe a zaulimi asanaidule ndi kuiyang'ana. Koma dalaivala anangoseka nauza Adérito kuti, "Bwana shefi, kunja kwatentha. Refuresiko yanu nayi." Refuresikoyo, kapena kuti chiphuphu, inali thumba limodzi la mbewu limene anyamata ake anatsitsira kuseri kwa ofesi, ndipo Adérito anakweza chitsulo chotchinga msewu. Ercília anamva dalaivalayo akunena kuti akukasunga mbewuyo ku Furancungo kuti adzaigulitse mvula ikayamba.

"Bambo Adérito, tithandizeni," anatero a Celestino. "Ngati mbewu yotereyi ilipo ina, tiyenera kuipeza anthu asanabzale. Mitambo mukuionayo."

"Ndinagula kwa munthu wina wodutsa panjinga," anayankha Adérito, maso ali pa mlongo wake. "Sindikumudziwa. Ndipo mbewuyo inali yabwino."

"Ngati mbewu inali yabwino, ndiye kuti nthendayi inali kale m'nthaka yanu!" A Virgílio analoza chala a Domingas. "Munkadziwa inu, munangotibisira. Kuyambira lero musadzakhudzenso ngalande ino!"

Anthu anavomereza mwaphokoso. A Domingas, amene anakumba nawo ngalandeyo ndi manja awo atangobwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo, anagwada m'matope nayamba kuomba m'manja.

"Pepani abale anga, sindinadziwe. Ndikhululukireni."

Ercília anayang'ana matope akunyowetsa chitenje cha amayi ake.

"Amayi, dzukani," anatero mtsikanayo. "Nthaka yathu inalibe matenda."

"Iwe, khala chete!" Adérito anamuyandikira nanong'ona, "Nsapato wavalazo anakugulira ndani?"

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake, kenako anatembenukira kwa mlangizi. Anafotokoza za lole yofiira, za thumba la kuseri kwa ofesi, ndi za Furancungo. Pamene ankamaliza, misozi inali itafika pachibwano.

"Ndi mwana uyu, sakudziwa zimene akunena," anayesa kuseka Adérito, koma palibe amene anaseka naye.

A Celestino anali atayamba kale kuimba foni kwa anzawo a ku Furancungo. Atamaliza anati, "Lole yofiirayo akuidziwa, akupita pompano. Nkhaniyi ndikaifikitsanso kwa akuluakulu anu, bambo Adérito. Tsekani madzi. Mbatatesi zonsezi zizulidwe, ziwotchedwe, ndipo muno musabzalemonso mbatatesi kwa zaka zingapo."

A Virgílio anatsika mwamanyazi nagwira a Domingas pamkono kuti adzuke. Mayiwo sanakalipe. Anatola khasu, nayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panaima mwana wawo wamwamuna.

"Ine ndinkayenda m'mudzi muno ndikunyadira kuti mwana wanga wandigulira mbewu," anatero motsitsa mawu. "Kwaya. Yambira mzere uwo."

"Amayi, ndavala yunifolomu."

"Thumba lija unalandira utavala chiyani?"

Adérito analandira khasulo. Anthu onse akuyang'ana, analowa m'matope ndi nsapato zake zonyezimira nayamba kuzula. Ercília anavula nsapato zake, naziika pamwala pouma, ndipo anayamba kutolera mbatatesi zowola pambuyo pake.