Katundu wa Sajeni Greyson

Ignatius Chimphonda anabwera ku Mchinji mu 1975, atasamutsidwa kuchokera ku Dedza kudzaphunzitsa pa boma. Kumudzi anasiya bambo ake ali chigonere, ndipo pempho lawo linali limodzi: "Agogo ako a Greyson anali sajeni pa nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ija ya dziko lonse, ndipo usilikali anauyambira komweko. Ukafunse. Ndisafe ndisanamve zimene bambo anga anachita."

Loweruka lililonse Ignatius ankapalasa njinga m'midzi. Kwa Mavwere okalamba ankamulandira bwino, koma akangotchula Sajeni Greyson, nkhani inkasanduka ya mvula ndi fodya. Mayi wina wosaona, a Malita, ndi amene anamuuza kuti, "Pita kwa Mlonyeni, mwana wanga. Koma dzinalo usamalitchule mokweza."

Kwa Mlonyeni nakonso anthu anangoyang'ana pansi. Ignatius ananyamuka dzuwa litalowa. Atafika padambo tayala linaphwa, nayamba kukankha njinga.

Patsinde pa mkuyu panakhala mkulu wina wowonda, atafunda chiguduli. Pambali pake panali kakatundu komanga ndi luzi.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndiwe ukufunsa za Greyson?"

Ignatius anakondwera kwambiri. "Munkawadziwa?"

"Ndisenzere aka, ndikuuza tikuyenda. Osati panjinga. Pamutu."

Kanali kopepuka ngati mtolo wa udzu. Anasenza, nauyamba ulendo, mkuluyo ali pambuyo.

"Ine ndine Maliko," anatero. "Sindinali msilikali. Ndinali mtengatenga, wosenza zipolopolo za azungu. Anandigwira kumunda, khasu lili m'manja, mkazi wanga ali woyembekezera. Amene anandimanga chingwe m'chiuno ndi agogo ako."

Katundu uja anayamba kulemera. Khosi linauma. Ignatius anasiya njinga igwe kuti agwirire ndi manja onse.

"Agogo, nditule kaye."

"Inenso ndinapempha choncho."

Chikoti chinalira pamsana pake, thyapu! Anacheuka. M'manja mwa mkuluyo munalibe kanthu. Anayesa kuponya katunduyo pansi, koma zala zinali zitakanirira ku luzi. Miyendo inkangoyenda yokha, kusiya msewu, kulowa m'tchire.

"Tinadwala kamwazi," mawu aja anapitiriza. "Wogwa ankamukwapula mpaka adzuke. Ine nditalephera kudzuka, Greyson anamasula chingwe, nandivula bulangete, nandisiya panjira. Afisi sanadikire kuti ndimalize kufa."

Ignatius analira ngati mwana. "Pepani! Ine ndinali ndisanabadwe!"

"Wanganso anali asanabadwe. Yenda!"

Chikoti chinaliranso. Tsopano pambuyo pake sipankamveka mapazi a munthu mmodzi. Anali ambiri, akupuma movutika, ena akukhosomola. Ignatius sanayerekeze kucheukanso.

M'mawa, alimi ena anamupeza tsidya la Zambia, kufupi ndi Mwami, atagwada m'munda wa mtedza, manja ali m'mwamba ngati wogwirira chinthu. Pamutu panalibe kalikonse. Mapazi anali atang'ambika, msana uli mikwingwirima yokhayokha, koma malaya ali bwinobwino. Atamubweza ku Mchinji, apolisi anamusunga kaye poganiza kuti amathawa m'dziko, mlandu woopsa masiku amenewo, mpaka ahedi ake atakawachonderera kuti amumasule.

Khosi lake silinawongokenso. Atapita ku Dedza, bambo ake anamufunsa ndi maso owala, "Wamva zotani za agogo ako?" Ignatius anangovula malaya n'kuwatembenukira msana.

Nkhaniyi itawapeza a Malita, anati, "Maliko anali bambo anga. Koma pachingwe chija sanali okha."

Anthu a pa boma ankanong'onezana kuti chisisira chikamagwa, kuseri kwa sukulu kumaima okalamba achilendo ofunda ziguduli. Sapempha madzi, sapempha njira. Amangoimitsa ana ochedwa kuweruka n'kuwafunsa kuti nyumba ya aphunzitsi a Chimphonda ndi iti, ndipo ali ndi ana angati.