Singano ndi Kausipa ka Abiba

Abiba ankakhala kufupi ndi Makanjira. Anali ndi mlongo wake wakhanda, dzina lake Amidu. Amidu anali ndi mano awiri okha. Abiba ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Amidu asadwale chikuku.

Chikuku chinali chitalowa m'mudzi. Chinagwira Yakobo, mwana wa nyumba yoyandikana nawo. Maso ake anafiira. Thupi lake linatentha ngati mbaula. Abiba anachita mantha kwambiri.

Tsiku lina anthu a boma anabwera. Anakhoma chithunzi cha katemera pamtengo wa mango. Mawu ake anali ambiri. Amayi ake a Abiba sankatha kuwerenga. Anangoyang'ana chithunzicho.

Panali mwana. Panali singano. Koma singanoyo, abale inu! Inali yaitali kuposa mwanayo. Inali ngati nkhafi ya bwato.

"Jekeseni timamudziwa," anatero amayi. "Koma singano iyi ayi. Ingamuboole Amidu mpaka kuseri."

Azimayi ena anavomereza, koma monong'ona. Masiku amenewo za boma sankazitsutsa mokweza. Chithunzi cha boma sankachikhudza n'komwe.

M'mawa wina boti la katemera linafika. Abiba anali pathandala, akutembenuza usipa. M'botimo munatsika anesi, dzina lawo a Esime. Anaika tebulo pansi pa mango. Anadikira. Anadikiranso. Palibe amene anabwera.

Abiba anathamangira kunyumba. Amayi kunalibe. Amidu kunalibe. Anali atabisala kumunda wa chinangwa, pamodzi ndi azimayi ena.

Abiba anabwerera pamango. Woyendetsa boti anali akuyang'ana nyanja. Anati mphepo ya mwera yayamba. Anati anyamuka posachedwa. Anatinso boti silibweranso msanga.

Abiba anayandikira tebulo la anesi. Alankhule? Nanga akamunena kuti wanyoza za boma? Koma anakumbukira maso a Yakobo. Anagwada pafupi ndi tebulo.

"Anesi, singano yaikulu ija ili kuti?"

A Esime anadabwa. Abiba analoza chithunzi. Anati amayi onse athawa singano imeneyo.

A Esime anagwira pakamwa. Sanakalipe ayi. Anati wojambula anaikulitsa kuti izioneka patali. Kenaka anatsegula bokosi. Anatulutsa singano yeniyeni. Kanali kasingano kakang'onong'ono.

M'dzanja la Abiba munali kausipa kouma. Anakaika pambali pa singanoyo. Kausipa kanali kakatali. Singano inali yaifupi.

Abiba anapempha kuti akawaonetse amayi singanoyo. A Esime anakana. Anati singano si yoti ana azinyamula.

"Ndikangowauza pakamwa sakhulupirira," anatero Abiba.

A Esime anatenga pepala loyera. Anagoneka singano papepalapo. Anaizunguliza ndi pensulo. Anagonekanso kausipa. Anakazunguliza ndi pensulo.

"Thamanga, mwanawe," anatero, akumupatsa pepalalo ndi kausipa kaja.

Abiba anathamanga. Anadutsa mathandala. Anadutsa mzikiti. Minga inamubaya, koma sanaime. Anapeza amayi atakhala m'chinangwa, Amidu ali pamiyendo.

Amayi anayang'ana pepalalo. Anapukusa mutu.

"Chithunzi chinanso? Ndikhulupirire chiti?"

Abiba anawapatsa kausipa kaja. "Yesani nokha, Amama."

Amayi anagoneka kausipa pa kausipa kojambula. Mutu unagwa pamutu. Mchira unagwa pamchira. Kanakwana ndendende. Amayi anayang'ana singano ya pambali pake.

"Kausipa n'koona," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti singanonso ndi yomweyi?"

"Ndi yomweyi, Amama."

Nthawi yomweyo injini inalira kunyanja. Du, du, du! Boti linali pafupi kunyamuka.

Amayi anabereka Amidu. Anaitana anzawo. Onse anatuluka m'chinangwa, makanda kumsana. Anathamanga. Abiba anali patsogolo, pepala lili m'mwamba.

Tebulo linali kale m'boti. Woyendetsa boti anali akukalipa. Koma a Esime anali asanakwere. Anaima pamchenga, bokosi lili m'manja.

Amidu ndiye anayamba kubayidwa. Singano inalowa, inatuluka. Amidu analira pang'ono chabe. Amayi anafunsa ngati basi kwatha. A Esime anati kwatha.

Chithunzi cha boma chinakhala pomwepo. A Esime anakhoma pepala lija pansi pake. Mayi aliyense ankabwera ndi kausipa kake. Ankakayesa yekha papepalapo, kenaka n'kupereka mwana.

Patapita nthawi chikuku chinachoka m'mudzi. Yakobo anachira. Amidu sanadwale. Anamera dzino lachitatu. Ndipo woyamba kulumidwa nalo anali Abiba. Amayi anaseka. Abiba anasekanso, akuuzira chala chake.