Mwana Wotupa wa Ida

Chaka chimene Jonasi anapita ku migodi ya ku Joni, anamusiya mkazi wake Ida pachitengwa kufupi ndi Fort Lister, mwana kumbuyo, mimba ya mwezi umodzi. Apongozi ake aakazi, aMakina, atangoizindikira mimbayo analamula kuti mwanayo, Eneya, asiye bere tsiku lomwelo, ati mkakawo waola. Kuyambira pamenepo mwana wa miyezi khumi ankangomwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi.

Pofika nyengo ya dzinja miyendo ya mwanayo inatupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka. Ida anayenda naye wapansi mpaka ku chipatala cha mishoni. Kumeneko anamuuza mosabisa kuti ufa wokhawokha sumanga thupi: aziika m'phalamo dzira, nsinjiro, matemba a ku Chilwa osinja.

Atabwerera kumudzi, aMakina anamulanda dzira m'manja. Anati khanda likadya mazira limagwa khunyu, ndipo kutupaku n'tsempho basi, Ida wayenda ndi mwamuna wina. Nkhuku zinali zawo, nkhokwe yawonso. Mankhwala a sing'anga anali pomwepo m'chikho, koma ati sagwira mayi asanaulule.

"Tchula dzina, mwana achire."

"Amayi, ndilibe dzina loti nditchule. Ndipatseni dzira limodzi lokha."

Anamutsekera chitseko pamaso.

Masiku anayi Ida anakana. Lachisanu lake Eneya analeka ngakhale kulira, n'kumangoyang'ana kudenga. Ida anagwada pabwalo, misozi ili chuchuchu, abale onse a mwamuna wake atamuzungulira, n'kutchula Kaliati, wogulitsa nsomba amene sanapatsanepo naye ngakhale moni wa m'manja. Ananama poganiza kuti akakhuta manyazi akewo amulola kudyetsa mwana.

Anamumwetsa mwana mizu ya sing'anga ija, anamusambitsa nayo. Dzira anakanizabe. Loweruka Eneya anamwalira.

Atachoka kumanda, aMakina analengeza kuti hule wadziulula yekha, anyamule zake. Ida sanachonderere. Anamanga nsalu zake ziwiri, n'kuwauza pamaso pa anamalira kuti mdzukulu wawo wafa ndi njala nkhuku zikuikira pakhonde.

Ataimirira, nsalu inakoka pamimba. AMakina anakumbukira za mimba ija, anawerenga miyezi pa zala kuchokera pamene Jonasi anachoka, nkhope inagwa. Anamuthamangira mpaka pa mphambano.

"Mwananga, ima kaye. Nanga uyo ali m'mimbayo ndi wa Jonasi?"

Ida anatembenuka, maso ali gwa.

"Mwauza mudzi wonse kuti ndine hule. Ndiye mwana wa hule mukumufuniranji?"

Anatsika kulowera kuchigwa, kwa amayi ake.